Ku Des Moines ndi mwana wanga wachisamba

Loweruka, 14 Juni 2025, South Bend

Ndaweruka ku ntchito 7 koloko m'mawa, ndagona maola anayi okha, ndipo pano ndi usiku ndikulongedza. Mawa tikunyamuka ulendo wa ku Des Moines, ku Iowa, komwe mwana wanga wachisamba akukapikisana nawo pa mpikisano wa dziko lonse wa mtsutso ndi kuyankhula pagulu wa ana a sekondale. Amayi anzanga a kutchalitchi amene munasonkha ya mafuta, ndinakulonjezani kuti ndizilemba tsiku ndi tsiku. Ndayambapo.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ndi mpikisano wanji umene umamuvalitsa mwanayu suti pafupifupi Loweruka lililonse. Bungwe lake ndi National Speech and Debate Association. Analiyambitsa ndi Bruno Jacob mu 1925 ku Ripon, m'boma la Wisconsin, ndipo nthawi imeneyo linkatchedwa National Forensic League. Chaka chino cha 2025 likukwanitsa zaka 100. Mwana safika ku mpikisano waukuluwu pongolembetsa dzina. Amayenera kupambana kaye m'chigawo chake, ndipo m'gawo lililonse amadutsa ndi ochepa kwambiri. Wanga ali m'gawo la Original Oratory: amalemba yekha mawu ake pa nkhani imene yamukhudza, n'kuwaloweza pamtima, n'kukayankhula mphindi 10 opanda pepala m'manja.

Mawu akewo ine sindinawamvepo. Chaka chonse ndimangomva kung'ung'udza kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake. Nditapempha kuti ndikaonerere tsiku lina anandiuza kuti, "Amama, mukalowa inuyo ndilira, chonde musalowe." Ndinamvera.

M'chikwama mwalowa masuti awiri, simbi, ufa, mthiko, ndi kapaketi ka usipa kamene mlamu wanga anabwera nako kuchokera kumudzi. Chimene chikundisowetsa tulo ndi china. Sukulu iliyonse imayenera kubweretsa oweruza ake, ndipo aphunzitsi a mwanayu analemba dzina langa. Ndaweruzapo kangapo m'mipikisano ing'onoing'ono ya kuno ku Indiana, koma uku ndi kwina. Ndakhala ku America zaka 9, komabe pafoni anthu amandiuzabe kuti ndibwereze zimene ndanena. Ndiye ndikakhale pampando n'kumagamula za ana a eni ake chinenero. Ndikuopa ndithu.

Lamulungu, 15 Juni, pamsewu wa I-80

Tanyamuka 6 koloko m'mawa. Bambo ake atiperekeza mpaka pagalimoto, apemphera, n'kubwerera m'nyumba kwa ana awiri ang'onoang'ono aja. Lero ndi tsiku lokumbukira abambo kuno, ndipo mwanayu wawapatsira khadi lawo pawindo la galimoto. Aphunzitsi ake ndi anyamata awiri a mtsutso wa Public Forum, wa awiri kulimbana ndi awiri, anatsogola dzulo.

Tisanathe ngakhale ola limodzi pamsewu, wotchi ya pafoni yabwerera m'mbuyo ndi ola lathunthu, poti South Bend imayendera nthawi ya kum'mawa pamene kuyambira cha ku LaPorte amayendera ina. Kumudzi tsopano atitsogolera ndi maola 7.

Pakati pa Gary ndi Joliet ndi pamene ndimaopa kwambiri. Malole uku ndi uku, ena kutsogolo, ena akukupumira kumbuyo. Ndagwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi. Mwanayu sanaone chilichonse. Anali atatsamira pawindo, milomo ikuyenda popanda mawu, dzanja likukwera ndi kutsika.

Anandipempha kalekale kuti tidzaime ku Ottawa, tauni yaing'ono ya ku Illinois imene ili mphindi zochepa kuchoka pamsewu waukulu. Pali bwalo la mitengo lotchedwa Washington Square, ndipo pakati pake aimikapo zifanizo za Abraham Lincoln ndi Stephen Douglas. Pamalo amenewa, pa 21 Ogasiti 1858, awiriwa anachita mtsutso woyamba mwa mitsutso 7 imene anachita polimbirana mpando wa ku Senate. Nkhani yake inali yakuti ukapolo uloledwe kufalikira kumadera atsopano kapena ayi. Douglas anayankhula ola limodzi, Lincoln ola ndi theka, Douglas n'kutsekera ndi theka la ola. Mpandowo anatenga ndi Douglas, koma mu 1860 Lincoln anasankhidwa kukhala pulezidenti. Mpaka lero gawo limodzi la mpikisano umene tikupitawu limatchedwa Lincoln-Douglas, mwana mmodzi kulimbana ndi mnzake mmodzi pa funso la chabwino ndi choipa.

Tinakhala pabenchi n'kutsegula kamba wathu: mazira owiritsa, mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki. Mwanayu anayang'ana zifanizo zija nthawi yaitali, kenaka anati, "Amama, ine amene amandizizwitsa ndi anthu amene ankamvetserawo. Masauzande, chiimire padzuwa maola atatu, popanda chimkuzamawu." Ndinavomera osadziwa chifukwa chimene wanenera zimenezo.

Kuchoka apo ndi chimanga chokhachokha mpaka maso kutopa. Kwathu ku Dedza Juni ndi mwezi wa chisanu, chimanga chili kale m'nkhokwe, minda ili mapesi okhaokha. Kuno n'chobiriwira, chofika m'maondo, mizere yowongoka ngati anayeza ndi chingwe, ndipo m'munda simuoneka munthu ngakhale mmodzi. Iowa ndi boma limene limakolola chimanga chambiri kuposa ena onse mu America, koma chochuluka n'chachikasu, chodyetsa ziweto ndi kupangira mafuta a galimoto. Ndinaganiza za amayi anga ndi khasu lawo. Tinawoloka Mississippi pa mlatho wa ku LeClaire, ndipo ndinamuuza mwanayu kuti ayang'ane m'malo mwanga, ine maso anali pamsewu.

Titangowoloka, nyale ya matayala inayaka. Mtima unagunda. Ndinapatukira pa Iowa 80 ku Walcott, malo oimapo malole amene eni ake amati ndi aakulu kuposa ena onse padziko. Ndinazungulira galimoto kawiri osaona vuto. Bambo wina wa imvi, woyendetsa lole, anabwera ndi kachipangizo kake koyezera mpweya, anagwada pa simenti yotentha n'kuyeza matayala onse anayi. La kumbuyo linali litachepa mpweya. Analipopa, anadikira nafe mphindi khumi kuti aone ngati likutsikanso, kenaka anati tikhoza kupita. Ataona masuti ali lende kumbuyo anafunsa kumene tikupita, ndipo atamva anagwira mwanayu dzanja n'kunena kuti iye sanathe kuyankhulapo pagulu moyo wake wonse, ngakhale pa ukwati wa mwana wake. Ndalama anakana.

Petulo kuno anali pafupifupi madola 3 pa galoni, kutsikirapo poyerekeza ndi ku Illinois. Tafika ku Des Moines madzulo, patatha mamailosi oposa 400, denga lagolide la nyumba ya malamulo likung'anima kutali. Hotelo yathu ili kunja kwa tauni, madola oposa 120 usiku umodzi, koma ili ndi kakhitchini. Msana ukupweteka.

Lolemba, 16 Juni

Mipikisano ikuchitikira m'sukulu zosiyanasiyana za mumzindawu ndi m'madera ozungulira. Titalowa m'sukulu yathu 7 koloko itangodutsa, ndinaima kaye pakhomo. M'makhonde monse munali ana ovala masuti, aliyense atayang'ana khoma, akuliyankhula. Wina akuloza chala loko ya kabati, wina akulira misozi yeniyeni patsogolo pa chozimitsira moto, wina akuseka yekha n'kubwerezanso kuseka komweko. Umu ndi mmene amakonzekerera. Ndinaonapo zimenezi ku Indiana, koma osati ana ochuluka chonchi, ochokera ku Texas, California, Minnesota, Florida, konsekonse. Wanga anapeza khoma lake pafupi ndi masitepe, anandipatsa chikwama chake n'kutembenuka.

Zonse zimayendera pa intaneti, pa tsamba lotchedwa Tabroom. Foni ikalira, mumapeza nambala ya chipinda, ndipo mukatha kumvetsera mumalemba zigamulo zanu momwemo. Ndime yachipulula ili ndi maraundi 6, lero ndi mawa. Pambuyo pake m'gawo lililonse la zoyankhula mumatsala ana 60, kenaka 30, kenaka 14, mpaka 6 a mu fainolo.

Anandipatsa gawo la Extemporaneous Speaking, la nkhani za maiko akunja. Mwana amatola mafunso atatu, amasankhapo limodzi, amapatsidwa mphindi 30 zokonzekera, ndiye amalowa kudzayankhula mphindi 7. Amalowa mmodzimmodzi. Ndisanayambe, manja ankanjenjemera moti cholembera chinagwa pansi. Woweruza mnzanga anali mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito. Ananditolera cholemberacho n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndisadzivute ndi mawu akuluakulu, ndingodzifunsa ngati mwanayo wayankha funso, ngati wapereka umboni, ndiponso ngati ndingathe kukafotokozera munthu wina zimene wanena. Anatinso mwana akalephera kufikira ine, vuto si la makutu anga. Mawu amenewo anandikhazika pansi mtima.

Mnyamata wachitatu anali ndi funso la ngongole za maiko a mu Africa. Ndinakhala tsonga. Anatchula Zambia, mmene inalepherera kubweza ngongole yake mu Novembala 2020, ndi zaka zimene zinapita ikukambirana ndi amene anaikongoza. Sananene za Africa ngati mudzi umodzi. Mwana wa zaka 16 kapena 17, amene mwina sanakwerepo ndege yopita kwathu kuja, anafotokoza momveka chifukwa chimene boma lolipira chiwongoladzanja chambiri limasowera ya mankhwala m'zipatala. Ndinamulembera kuti ndine wochokera dziko loyandikana ndi Zambia ndipo wanena zoona.

Chowawa n'chakuti simuloledwa kupereka nambala imodzi kwa ana awiri. Wina ayenera kukhala woyamba, wina womaliza. Mtsikana amene ndinamuika kumapeto anaiwala mfundo yake yachiwiri, anaima chete masekondi angapo, khosi likugunda, kenaka anapitiriza mpaka kumaliza. Ndinamulembera ndemanga yaitali kuposa onse. Pamene ndinkadina batani ndinadziwa kuti m'chipinda china munthu wina akuchita zomwezo ndi mwana wanga.

Masana tadya pizza wozizira titakhala pansi m'khonde. M'makalasi mukuzizira ngati m'firiji, kunja kukutentha chinyontho chokhachokha. Madzulo ndaphika nsima, usipa wothira tomato ndi kabichi. Ndinatsegula mawindo poopa kuti fungo lisowetsa mtendere oyandikana nafe. Aphunzitsi ndi anyamata awiri aja anabwera, ndinawaonetsa kusamba m'manja ndi kutema mbamu. Mmodzi anadya mitanda itatu. Mwana wanga anadya pang'ono, akuti raundi yachiwiri inamuyendera bwino, yachitatu sakudziwa.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndikulemba mochedwa. Lero linali tsiku lalitali.

M'mawa batani la jekete linathothoka tili pachitseko. Singano ndinaiwala kunyumba. Mayi wokonza m'zipinda anali m'khonde ndi ngolo yake ya matawulo, wamtali, wochokera ku South Sudan, ndipo anthu a kwawoko ndi ambiri mumzinda uno. Anatulutsa singano ndi ulusi m'thumba la yunifolomu, anasoka batanilo mwanayu ali chivalire, anadula ulusi ndi mano. Anamuwongolera kolala n'kumuuza kuti akayankhule mokweza, akayankhulirenso ana ake a iyeyo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndinaziona ndi maso.

Raundi yachisanu ndi chimodzi, yomaliza ya chipulula, ine ndinalibe chipinda choweruza. Ndinakhala pabenchi ndi chikwama chake. Anabwera, anaima patsogolo panga, anati, "Amama, tiyeni mulowe. Mwina aka n'komaliza." Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pakampando ka ana asukulu.

Anali wachinayi kuyankhula. Anaima pakati, anayang'ana oweruza, n'kunena mawu amodzi m'Chichewa: "Padangokhala." Ndiye anakhala chete. M'chipinda monse munali zii. Ine yankho linafika pakamwa lokha, ndinachita kuluma mlomo. Atadikira pang'ono anawauza m'Chingerezi kuti kwa agogo ake, mawu amenewa sagwa pansi chonchi. Wonena nthano akati padangokhala, onse okhala pamoto amayankha kuti tili tonse, ndipo amayankhabe pa chiganizo chilichonse mpaka nthano ithe. Yankho likasiya kubwera, wonenayo amasiyanso, chifukwa wadziwa kuti watsala yekha.

Kenaka ananena za iye mwini. Anabwera kuno ali ndi zaka 8. Kusukulu akayankhula, anzake ndi aphunzitsi omwe ankamuuza kuti abwereze, kawiri, katatu, mpaka anaona kuti kuli bwino kungokhala chete. Anakhala pafupifupi chaka osakweza dzanja m'kalasi. Kunyumba nakonso anaphunzitsidwa kuti mwana sayankha akulu. Sananene modandaula, anangofotokoza. Mfundo yake inali yakuti masiku ano aliyense ali ndi poyankhulira, pafoni, pa intaneti, koma ovomera nthano ya mnzawo achepa, chifukwa pamene wina akuyankhula ife timakhala tikukonza kale zoti timuyankhe. Anapereka umboni wake, anatchula kumene anautenga, monga amafunira malamulo a gawoli. Chakumapeto ananena za mayi ake amene amagwira ntchito usiku kosamalira okalamba, amene 3 koloko m'bandakucha amakhala pamphepete pa bedi la gogo wina kumvetsera nkhani imene aimva kale kakhumi. Apo mawu ake ananjenjemera, koma sanalire. Ndinalira ndine.

Abale anga, chimene chinandilasa si kutamandidwako. Ndi chaka chija. Ndikuchikumbukira bwino. Mwanayu ankabwera kusukulu n'kulowa kuchipinda mwakachetechete, ndipo ine ndinkauza anzanga kutchalitchi monyadira kuti ndili ndi mwana wofatsa, waulemu, wosalongolola ngati ana a kuno. Sindinamufunse n'kamodzi komwe chimene chinamutseka pakamwa. Inenso ndinakula choncho. Kusekondale kumene ndinaphunzira, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa unkapatsidwa chibalo chotchetcha udzu, ndipo Chingerezi ukachiphonya anzako ankakuseka, ndiye ambiri a ife atsikana tinasankha kusayankhula. Kalabu ya mtsutso inalipo, koma munkadzaza anyamata. Ulemu umene makolo athu anatiphunzitsa ndi wabwino ndipo sindikuutaya. Koma ine ndinasokoneza ulemu ndi mantha, ndipo mwana wanga anasenza yekha chaka chathunthu.

Masana zotsatira zinatuluka. Ana onse anali mu holo, aliyense maso pafoni. Mukanamva phokoso lake: uku kukuwa, uku kukumbatirana, uku wina akutsetsereka ndi khoma mpaka pansi. Mwana wanga anayang'ana mndandanda wa 60 aja kawiri, anandipatsa foni kuti ndione ndekha. Sanalipo. Anyamata athu awiri nawonso sanadutse.

Anapempha makiyi a galimoto. Ndinamupatsa mphindi khumi, kenaka ndinamutsatira. Ndinamupeza atavula nsapato, nkhope ili m'manja. Ndinalibe mawu anzeru. Ndinamuuza kuti ndamva zonse zimene ananena, ndipo ndinamupepesa chifukwa cha chaka chija. Anati, "Amama, simunadziwe." Ndinati ndinayenera kufunsa. Tinakhala m'galimoto yotentha ija mpaka aphunzitsi anabwera kudzagogoda pawindo, kudzakumbutsa kuti nthawi yotsimikizira mayina a magawo owonjezera ikutha.

Lachitatu, 18 Juni

Chimene ndachikonda pa mpikisano uwu n'chakuti mwana akagwa m'gawo lake samuuza kuti azipita. Pali magawo ena owonjezera amene amayamba lero: ndakatulo, kuwerenga nkhani, kunena nthano, kuyankhula mosakonzekera, ndi ena. Wanga analembetsa Expository, mphindi 5 zophunzitsa anthu chinthu chimodzi. Anasankha mbuna za m'nyanja ya Malawi.

Ulendo uno sanandiletse kulowa. Anawauza kuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, mazanamazana, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse. Anafotokoza za tinsomba ta mawangamawanga timene timakhala m'miyala, mmene yaikazi imasungira mazira ndi tiana take m'kamwa kwa milungu ingapo osadya, ndiponso kuti mu 1984 UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Anatupitsa masaya kusonyeza nsombayo, chipinda chonse chinaseka. Sindinamuonepo womasuka chonchi. Titatuluka, bambo wina amene ankaonerera anatithamangira n'kutionetsa pafoni thanki ya nsomba ya kunyumba kwake. Anati wasunga mbuna zaka zambiri koma anali asanakumanepo ndi munthu wochokera kumene zimachokera.

Aphunzitsi andifotokozera za mapointi. Raundi iliyonse imene mwana wachita chiyambire imamupatsa mapointi, ndipo akafika 25 amakhala membala, kenaka amakwera pa 75, 150, 250, 500, 750, 1,000 mpaka 1,500. Wanga wadutsa 750 m'zaka zitatu. Ndinayesa kuwerengera kuti ndi Maloweruka angati amenewo, kudzuka 4 koloko m'chisanu cha ku Indiana kukakwera basi ya sukulu.

Madzulo ndachapa malaya ake pasinki n'kuwaumitsa ndi simbi. Chakudya tagula ku Hy-Vee, nkhuku yowotcha kale ndi buledi. Ndalama zayamba kuchepa.

Lachinayi, 19 Juni

Wadzuka m'mawa kwambiri kuti aimbire agogo ake pa WhatsApp, kumudzi ali masana. Amayi sadziwa za maraundi ndi mapointi. Anangofunsa kuti, "Nanga anthuwo anakumvera?" Iye anati eya, Agogo. "Basi, wagwira ntchito." Atamva kuti ananena za nthano zawo pamaso pa azungu, anaseka mpaka kutsokomola.

Mu Expository watuluka lero m'mawa, atadutsa maraundi angapo. Sanalire. Anapita kukaonerera mtsikana wa ku Minnesota amene anadziwana naye dzana m'khonde. Ine ndinasuzumira mtsutso wa Policy, wa awiriawiri, kumene ana amayankhula mothamanga kwambiri kuti alowetse mfundo zambiri m'mphindi zawo. Sindinatolepo kanthu, ndinatuluka mutu ukuwawa, ndipo ndikukayika ngati kuyankhula kotero kumathandiza munthu wamba. Aphunzitsi akuti kumaphunzitsa kufufuza ndi kuganiza msanga. Mwina n'zoona.

Lero ndi Juneteenth, tsiku lokumbukira 19 Juni 1865 pamene akapolo a ku Galveston, Texas, anauzidwa kuti ndi mfulu. Tili pa nkhomaliro mwanayu anandiuza kuti Ketanji Brown Jackson, mayi woyamba wachikuda kukhala woweruza m'khoti lalikulu la dziko lino mu 2022, ankachita Oratory yomweyi ali ku sekondale ku Miami, ndipo anapambana mpikisano wa dziko lonse wa bungwe lina la Akatolika. Ananena akutafuna, ngati nkhani wamba, koma ndinaona kuti waisunga pamtima. Ndatopa kwambiri. Ndigona msanga.

Loweruka, 21 Juni, South Bend

Dzulo sindinalembe, tinali pamsewu.

Mafainolo anachitikira ku Iowa Events Center, pakati pa mzinda. Holo yaikulu, ana masauzande, makanema akuluakulu mbali zonse. Tinaonera ana 6 a Oratory. Anali akatswiri, palibe chowachotsera. Mwana wanga anakhala chowerama kutsogolo, kope pamiyendo, akulemba. Aliyense akamaliza, holo yonse inkaimirira, ana omwe aja amene analira Lachiwiri akuwomba m'manja mpaka kufiira. Ndinasuzumira m'kope lake. Pamwamba pa tsamba analemba 2026, pansi pake mitu itatu. Watsala ndi chaka chimodzi kusekondale.

Sitinadikire mwambo wopereka zikho. Ndalama ya usiku wina ku hotelo panalibe, ndipo usiku wa lero ndikulowa ntchito. Ndinafunafuna mayi wa singano uja kuti nditsanzike koma anali atapuma tsikulo, ndiye ndinamusiyira kakalata ndi chitenje chimene ndinabwera nacho chofunda m'makalasi ozizira aja. Tinathira mafuta pa Casey's, tinagula pizza wa pamsewu, n'kuuyamba.

Dzuwa la Juni kuno limachedwa kulowa. Tinawoloka Mississippi kukali kowala pang'ono. Cha ku Iowa City mwanayu anali atandipempha kuti ndimuuze nthano ya Kalulu ndi chitsime, ija ya nyama zonse zimene zinakumba madzi m'chilala Kalulu atakana, chifukwa iye amangokumbukira poyambira pokha. Ndinamuuza kuti nthano sanena masana, adikire. Mdima utagwira bwino m'minda ya ku Illinois anati, "Amama, kwada tsopano."

Ndinati padangokhala. Anati tili tonse. Ndinali ndisananene nthano chichokereni kumudzi, ndipo mwina ndinasakaniza ziwiri, koma nyimbo yake inabwera yonse, ndi mawu a amayi anga momwe. Ndinanena za Fisi amene anamangidwa atanyengedwa ndi uchi, za Mkango, za Njovu, iye akuvomera chiganizo chilichonse, poyamba mokweza, kenaka motsitsa. Tinadutsa chikwangwani cha Ottawa Kamba asanapake phula pamsana pake. Tisanafike ku Joliet ndinati Kalulu anafika pachitsime usiku, ndipo yankho silinabwere. Ndinacheuka. Anali atagona, mutu pawindo, jekete la batani losokedwa lija atafunda m'maondo.

Ndinasiyira pomwepo. Malole a ku Gary ndinalimbana nawo ndekha, wailesi yozimitsa. Tinafika 1 koloko itadutsa, bambo ake ali pakhonde kutidikira. M'mawa uno wadzuka mochedwa, wabwera kukhitchini tsitsi lili nyankhalala, n'kundifunsa kuti Kamba uja anamugwira bwanji Kalulu. Ndamuuza kuti mawa usiku, poti lero ndili ku ntchito, ndipo aitane ang'ono ake awiri adzakhale nawo.